Kutsogolo kwa Lole ya Lenard

Lolemba, 6 Febuluwale 1978
Basi osabwera. Akuti msewu wa ku Chinguluwe waterera, akuopa kutitimira. Ine chiimire pasiteji pa Khombedza ndi bokosi la katemera, ayezi akusungunuka m'katimo, amayi akundidikira kusikelo ya ana. Ayufi andiona khadi ya chipani kawiri, ngati khadiyo ndi imene indinyamule.
Mwayi wake, lole yopereka katundu kusikimu ya mpunga. Woyendetsa ndi Lenard, wamtali, chipewa chobooka. Ndimati ndikwere kumbuyo, iye amvekere, "Achemwali, mankhwala a ana apse ndi dzuwa? Lowani kuno." Ndakhala kutsogolo. Kufewa mpando! Ana makumi anayi abayidwa, kulira kokhakokha, ine mtima mbee.

Lachinayi, 9 Febuluwale
Lole yomweyo. Imapita Lolemba ndi Lachinayi, masiku anga enieni a sikelo. Lenard amaimba njira yonse, mawu ngati chitseko chopanda mafuta. Ndaseka mpaka nthiti kuwawa.

Lamulungu, 12 Febuluwale
Zavuta. Titaweruka kutchalitchi andiitanira pambali a Lameck, mkulu wa mpingo. Akuti mpando wa kutsogolo ndi wa mkazi wa dalaivala, Khombedza yense akudziwa zimenezo, ndipo ine ndaonedwa kawiri. Akulu a mpingo adzakhala bwalo pa 25. Ndikapitiriza, andidula kumgonero.
Ndati, bambo, nanga basi yake iti? Iwo: "Mwana wanga Salome, chimene chakwera lole ndi mtima wako, osati bokosi."
Ha! Ndiye matope a ku Chinguluwe ndinawaponda ndine? Koma kudulidwa ayi. Amayi kumudzi atamva angakomoke.

Lolemba, 13 Febuluwale
Ndayesa kumvera. Lenard waimba hutala, ine kuyang'ana kumbali ngati sindikumudziwa. Basi zii mpaka dzuwa pamutu. Ndauyamba wapansi, bokosi pamutu, nsapato m'manja. Kufika 2 koloko, ayezi atasanduka madzi ofunda, katemera yense wotaya. Amayi atabalalika kalekale. Pomwe tsidya la dambo kwagwa chikuku.
Khalidwe labwino ndalisunga. Ana osabayidwa. Ndalira.

Lachitatu, 15 Febuluwale
Mlendo masana: Mayi Dorothy, akazi awo a a Lameck, mtsogoleri wa amayi a Chigwirizano. Ndimati abwera kudzandimaliza. Osadziwa kuti mdzukulu wawo ali ku Chinguluwe, ndi mmodzi wa ana amene anabwerera dzana. Akhala pamkeka, amwa madzi, kenaka: "Bambo akunyumba Baibulo amalidziwa, koma msewu sawudziwa."
Nzeru yawo ndi iyi. Ndizikwera lole, koma pakati pa ine ndi Lenard pazikhala mayi wachikulire wa mpingo. Mawa ayamba okha.

Lachinayi, 16 Febuluwale
Tsiku ili sindidzaliiwala! Mayi Dorothy pakati, duku loyera, ambulera pamiyendo, bondo lawo litatsekereza giya. Chibadwire sanakhalepo kutsogolo kwa galimoto. Padambo lole itajowa, "Mayo ine, Yesu!" Pang'ono pokha ayamba kuseka. Kenaka, "Ponda moto, mwana wanga, tidutse njingayo!" Aliyense wa m'njira kumupatsa moni, dzanja kudutsa pamphuno panga. Lenard osaimba lero, ulemu, koma maso akuseka.
Mdzukulu wabayidwa woyamba, agogo ake atamugwira miyendo.

Lolemba, 20 Febuluwale
Pasiteji ndapeza amayi anayi, aliyense akuti lero woyang'anira Salome ndi iye. Wina nkhuku m'khwapa, wina akuti akaone mphwake wodwala, wina alibe nchifukwa chomwe, wangovala bwino. Awiri mwa iwo ndi omwe ankandijeda kumjigo. Mkangano wake! Lenard waweruza: wamkulu pakati, otsala kumbuyo pa matumba. Nyimbo za Chigwirizano njira yonse.
Khalidwe langa lapeza abale ambiri sabata ino.

Loweruka, 25 Febuluwale
Bwalo la akulu. Mayi Dorothy apempha kulankhula, ndipo alankhuladi, amuna awo maso pansi. Nanenso ndanena zanga: boma linandipatsa bokosi, silinandipatse njinga, basi imaopa mvula, chikuku sichiopa. Cholakwa ndi msewu, osati ine. Abusa agwedeza mutu. Mlandu watha!
A Lameck pomaliza: "Msewu ukauma, ubwerere kubasi." Ndalonjeza mokweza, onse amva.
Mawa mgonero. Ndasita diresi yanga yabuluu ndikuimba ndekha.

Lolemba, 10 Epulo
Msewu wauma, aupala sabata yatha. Amayi aja atanganidwa kuminda, pasiteji ndekha. 7 koloko yeniyeni, basi iyo, mipando yopanda anthu. Kondakitala akuitana, "Anesi, tiyeni!"
Ine kuwerama, kumanga lamba wa bokosi. Lamba womanga kale. Ndammasula, ndammanganso. Basi yapita.
Lenard atafika wandifunsa ngati basi yandisiya. Ndati eya, yandisiya. Waseka chamumtima, poti anali ataima pagolosale paja, zonse waona. Pakati pathu bokosi lokha. Njira yonse osaimba. Titadutsa dambo waimitsa lole, wavula chipewa: "Kodi amalume anu amakhala mudzi uti?"
Ndamuuza. Dzina, mudzi, ngakhale mtengo wa pakhomo pawo.
Kumaso kukuwawa ndi kumwetulira. Kalata ya amalume ndalemba kale, mawa ipite. Chatsala nchimodzi. A Lameck aja ananena zoona, ndipo Lamulungu ndikawauze ndekha asanamve kumjigo. Ndiyambira kwa Mayi Dorothy.