Dzina Langa Latopa Kukhala Kumchira

Azakhali Trudi,

Ndikhulupirira bondo lija lasiya kukuvutani. Phukusi la tchizi linafika, moti anzanga akundithawabe chifukwa cha fungo lake.

Kuno ku Geneva tikuphwanyabe maprotoni, tinthu ta mkati mwa atomu, kuti tidziwe chimene chimawazungulitsa ngati nguli. Tizidutswa tawo tatiululira pang'ono chabe, komabe talemba pepala la kafukufukuyu. Mwambo wathu ndi woti mayina a khamu lonse amatsatira alifabeti, ndipo dziko limangotchula woyambayo: "Aebi ndi anzake." Ine Zwahlen, amene ndinachita masamu onse, ndili kumchira, pafupi ndi nambala ya tsamba.

Aebi ameneyu dzina lake loyamba ndi Ruedi, katswiri wowodzera pamisonkhano. Amatafuna ngati mbuzi. Lachiwiri anandiuza kuti, "Annelies, dzina langali ndi lotakasuka, tikhoza kukwanamo awiri."

Ndinati, "Choka apa iwe, kagone!"

Komatu azakhali, nditakhala Aebi, pa alifabeti Annelies amayamba, Ruedi pambuyo. Ngakhale mwini dzinayo ndingamusiye m'mbuyo. Ndiponso akakhala maso, si woipa kwenikweni.

Kodi diresi loyera la ukwati la amayi lija njenjete zinalisiyako? Ndangofunsa chabe. Musawauze amalume.

Ndine mwana wanu,
Annelies Zwahlen, pakadali pano