Banjo ya Apongozi Yapezeka

Mayi a mwana,

Ndayipeza! Banjo imene bambo anu akhala akuilakalaka chipumireni pantchito ili kuseri kwa wadirobu. Ndayifunditsa jekete lanu, pepani. Wogulitsa amandikakamiza yonyezimira, yolemera ngati thumba la simenti, koma ine ndinakumbukira kuti apongozi supuni amagwira ndi dzanja lamanzere. Ndazungulira tauni yonse mpaka ndapeza yamanzere, yopepuka, yosapweteka zala za wophunzira.

Nditangoyesa kuimba, galu wa aneba anayamba kulira, nsambo imodzi n'kuduka. Ndathamangira kukagula ina asanatseke. Bambo anu akafika ine kulibe, apatseni tiyi, kuchipindako asalowe.

Paja achimwene anu amati sindidziwa kusankha mphatso? Tiwaone mawa ndi masokosi awo a chaka chilichonse aja.

Amuna anu