Dzina la a Lefina

Lolemba, 8 Okutobala 2012

Kwathu kwa Chulu sindipita mpaka mayina onse olandira makuponi a feteleza alowe m'makina atsopano. Atero a Mphepo, bwana wathu. Mindandanda ya zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndekha, m'kachipinda kopanda windo. Makinawa amasunga mbiri ya fayilo iliyonse, wasintha ndani, liti. Kapulogalamu kanga kamangothira, iwo amangomeza. Sayankha.

Lachiwiri, 9 Okutobala

Magetsi anathima ntchito ili pakati. Zalowa zingati sindikudziwa, pofunsira palibe. Kuyambiranso.

Lachitatu, 10 Okutobala

A Lefina, mayi anga aang'ono, abwera pa kabaza. Akhala akulandira feteleza chiyambire, koma chaka chino dzina lawo palibe. Mizere anaunga kale. Akhala pabenchi panja tsiku lonse. Akuti kumudzi mphekesera ndi yoti ndinawachotsa ndine, poti makompyuta amagwira ndine. A Mphepo angoti makina amalakwitsa.

A Lefina ndawauza kuti ndiona. Ndiona pati?

Lachinayi, 11 Okutobala

Ndaimbira Frazer, mnzanga wa ku koleji. Akuti nditsegule njira yachiwiri, yobwerera, kuti kapulogalamu kanga kazifunsa makinawo zomwe asunga kale kasanathire zina. Ndatsegula. Zonse zangoti njii. Kanga kakudikira yankho, iwo akudikira funso. Maola atatu ndikungoyang'ana sikirini, thukuta kamukamu. Sindinadye.

Lachisanu, 12 Okutobala

Frazer anaseka. Akuti funso langa linatsakamira panjira, ndizilikankha lituluke lonse ndisanayambe kudikira. Ndaonjeza mzere umodzi basi, zayenda.

Tsopano kapulogalamu kanga kamafunsa mndandanda wakale, nkuufananiza ndi watsopano, nkundionetsa achokamo. Kwa Chulu achoka makumi anayi, a Lefina momwemo, ndipo m'malo mwawo mwalowa mayina omwe ine wobadwira konko sindinawamvepo. Fayilo ya chaka chinoyo inasungidwa kale m'makinawa pa 17 Ogasiti. Wosunga: ezelina. Ine.

Tsiku limenelo ndinali kumaliro ku Lisasadzi. Pasiwedi yanga ndinasiyira a Mphepo pakapepala, atandipempha okha.

Loweruka, 13 Okutobala

Ndikabisa, a Lefina salandira. Ndikaulula, dzina lili pamenepo ndi langa. Kapepala kaja ndani anakaona?

Lolemba, 15 Okutobala

Ndatumiza zonse kulikulu 8 koloko, pamodzi ndi kalata yofotokoza komwe ndinali pa 17 Ogasiti.

Cha m'ma 10 a Mphepo anaima pakhomo, nkufunsa ngati ndamaliza. Ndinavomera. Anayang'ana kubwalo kaye, kenako motsitsa mawu:

"Kodi makinawa sangaiwale kafayilo kamodzi?"

"Zapita kale, bwana. Ndi kalata yomwe."

A Mphepo analowa. Kenako anatseka chitseko, nkukoka mpando. Chiyambire ntchito, sindinawaonepo atakhala pansi m'chipinda muno.