Kasanu Osagwira Mpando

Lachinayi, ku Njakwa. Tsiku lokoma chomene!

Dziko lonse limve: ine Gondwe, mwini wa miyendo iwiri yotchuka, ndakhoza mayeso akuchipatala. Mwana wanga Tiwonge anabisa khasu langa, akuti ndikalephera, kudimba ndisapondenso.

Namwino anati, "Agogo, pindani manja pachifuwa, muimirire kasanu osagwira mpando." Samadziwa kuti sabata yonse ndakhala ndikuyeserera mobisa pa kampando kakafupi kuseri kwa khola. Mpando wawo wautaliwo unali masewera! Kenako ndinayenda kukafika pachitseko n'kubwerera, iye maso pa wotchi.

"Miyendo ilipo, agogo, akupatseni khasu lanu," anatero namwino.

Odwala onse anandiombera m'manja.

Chabwino, za m'manjazo ndapeka, ndinaomba ndekha. Koma khasu ndi ili pambali panga.