Mmereka wa Agogo Wapezeka

Lachiwiri, 14 Malichi 2006

Lero kunazizira kwambiri, koma mtima wanga wayera. Agogo aamuna ku Chiradzulu akhala akusekedwa moyo wawo wonse chifukwa amati agogo awo anali kalipentala wakuda wa ku Amereka amene anabwera ndi amishoni. Anthu amawatcha "Mmereka wopanda nsapato."

Ndakhala ndikulowa mu laibulale ya ku Lewisham, kuno kudziko la azungu kumene ndikukhala, n'kutuluka osafunsa kanthu, kuopa Chingelezi changa. Lero ndinalimba mtima. Mayi wa padesiki anafufuza pakompyuta mpaka anapeza chithunzi chakale cha amishoniwo. Chakumapeto kwaima bambo wogwira sowo, ndipo dzina lake, lolembedwa pansi pa chithunzicho, ndi lomwe lija agogo amatchula. Anabadwira ku Virginia ku Amereka m'zaka za m'ma 1800. Pamphumi ali ndi kachigamba ka tsitsi loyera, ngati ka agogo, ngati kanga kamene ndimabisa m'duku. Ndinavula dukulo pomwepo, mayiwo n'kugwira pakamwa.

Madzulo ndinaimbira agogo pa foni ya amalume n'kuwauza zonse. Agogo anati, "Mdzukulu wanga, chithunzicho utumize chachikulu. Ndikachipachika pagolosale pomwe amandisekera paja."

Mawa ndikwera basi wopanda duku, ndione ngati ndingathe.