Zitini za malemu bambo zatupa, amayi akufuna zidyedwe pa chiliza

Aphungu,

Ndine mayi wa zaka 31, ndimaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kufupi ndi Kadewere ndipo ndimakhala pamudzi pamodzi ndi amayi anga. Nkhani yanga ndi ya zitini za chakudya. Mwina muiona yachibwana, koma ine yandisowetsa mtendere.

Bambo anga, malemu a Funsani, anagwira ntchito zaka zambiri mosungira katundu mwa sitolo ina yaikulu ku Limbe. Njala ya 2002 inawapeza atapuma kale. Chaka chimenecho tinadya gaga ndi zitsa za nthochi, ndipo mwana wa achemwali anga tinamuika m'manda mu Febuluwale. Titakolola, bambo anagula matabwa n'kukhoma shelefu m'kachipinda kosungiramo zakudya, potengera imene ankagwiritsa ntchito ku Limbe. Matabwa ake ndi opendekeka. Chitini chatsopano umachigoneka pamwamba, chimagubuduka n'kukaima kumbuyo kwa zinzake, ndipo pakamwa pa m'munsi pamatulukira chimene chinalowa kale kuposa zonse. Ankakonda kunena kuti, "Apa ndi pamzere wa kuchipatala, wolawirira ndiye ayambe kuonana ndi dokotala." Achimwene anga a Lloyd, omwe ali ku Joni, ankatumiza nsomba, nyemba ndi nyama za m'chitini. Bambo ankaika zatsopano pamwamba, ndipo Lamlungu lililonse ankatulutsa chimodzi m'munsi kuti tidye.

Bambo anatisiya mu Juni 2003. Titawaika m'manda, m'mawa mwake titameta, amayi anatenga hamala ya bambo n'kukhomerera kathabwa pakamwa pa m'munsi paja. Nditafunsa anangoti, "Izi anaika ndi manja awo. Zikhale." Tinawasiya poganiza kuti ndi chisoni cha masiku oyamba. Pano patha zaka zitatu. A Lloyd akutumizabe, amayi amaika pamwamba, ndipo kukabwera alendo amatenganso pamwamba pomwepo. Zitini khumi ndi zinayi za m'munsi ndi zomwe zija anasiya bambo.

Kachipindako ndi ka malata opanda siling'i. Masana kamatentha ngati uvuni, ndipo khoma lake limanyowa nthawi ya mvula. Sabata yatha ndikusesa ndinamva kafungo. Nditasuzumira ndi tochi ndinapeza kuti zitini zitatu zatupa uku ndi uku, chimodzi chikuchucha madzi akuda, ndipo zingapo zachita dzimbiri. Pa zimene ndakwanitsa kuwerenga, masiku ake anatha mu 2004 ndi 2005.

Tsono Loweruka lachitatu la Ogasiti tili ndi mwambo wa chiliza cha bambo. Kubwera abale awo a ku Milepa ndi akumpingo, anthu osachepera makumi anayi. Amayi akuti tsiku limenelo ndi limene achotse kathabwa kaja n'kuphikira anthu zitinizo. Akuti, "Abale awo adye zimene mwiniwake anasunga. Ndi komaliza kuti bambo ako adyetse anthu pakhomo pano."

Nditawaonetsa zotupazo anandiyankha kuti, "Cha m'chitini chimawola? Tikathira tomato ndi anyezi n'kuwiritsa bwino, palibe kanthu. Iwe sukulu yakulowa pena." Atatero anakakhala pakhonde, ndipo tsiku limenelo sanadye.

A Lloyd pafoni akuti, "Ungozitaya iwo ali kudimba, uikepo zina zofanana. Sadziwa." Koma amayi amazidziwa zitinizo chimodzichimodzi. Loweruka lililonse amalowetsa dzanja pampata n'kumazipukuta fumbi.

Aphungu, kodi n'zoona kuti kuwiritsa kumachotsa vuto? Ngati si zoona, ndiwauze bwanji amayi popanda kuwaphera bambo kachiwiri?

N.F., Kadewere, Chiradzulu


Mayi N.F.,

Pepani ndi maliro a bambo ndi a mwana uja. Nkhani yanu si yachibwana, ndipo ndiyamba ndi chimene sichifuna kukambirana: zitini khumi ndi zinayizo zisadyedwe, pa chiliza kapena tsiku lina lililonse.

Chitini chimatupa chifukwa m'kati mwadzaza mpweya. Nthawi zina mpweyawo umabwera chifukwa msuzi wa tomato wadya chitsulo, nthawi zina chifukwa tizilombo tikuswana m'katimo. Kunyumba palibe njira yodziwira kuti ndi chiti mwa ziwirizi. Mtundu wina wa tizilomboto umapanga poizoni woopsa kwambiri amene amafoola minofu, kuphatikizapo yopumira, ndipo nthawi zambiri sanunkha kapena kusintha kakomedwe. Choncho kununkhiza sikuthandiza, ndipo kulawa ndiye kuputa imfa.

Amayi sakunama kotheratu. Kuwiritsa nthawi yaitali kumafoola poizoni wa mtundu umenewu. Koma alipo poizoni wina amene moto sumutha, ndipo chitini chotupa chimathovoka pochitsegula n'kuwazira m'manja, pa mpeni, pa mbale ndi pa ndiwo zina. Pa khitchini ya pa mwambo, pamene amayi asanu akugwira mapoto asanu ndipo ana akuzungulira, palibe angalonjeze kuti dontho lililonse lafika pamoto.

Mungafunse za zimene sizinatupe. Chitini chabwinobwino, chosungidwa pozizira ndi pouma, chikhoza kupitirira tsiku lake osapha munthu. Zanuzo zakhala zaka zoposa zitatu pansi pa malata otentha, pafupi ndi khoma lonyowa, zikukhudzana ndi chinzake chochucha. Dzimbiri limaboola timabowo tosaoneka ndi maso. Zonse zipite.

Nzeru ya achimwene anu ikaneni. Munthu amene amapukuta zitinizo Loweruka lililonse adziwa tsiku lomwelo. Adzaona kuti ana ake amubera, ndipo mawa mukadzamuchenjeza za chinthu china sadzakumverani. A Lloyd ali kutali, amene mudzakhale ndi amayi pakhondepo ndinu.

Chitani izi sabata ino, musadikire Ogasiti. Pitani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu mumupemphe adzaone zitinizo ndi maso ake amayi ali pomwepo. Itananinso munthu mmodzi amene amayi amamumvera, kaya amalume anu kaya mayi wamkulu wa kumpingo. Mawu a mwana wobereka wekha amapepuka, koma omwewo akachokera pakamwa pa mnzako wamsinkhu amalemera. Pokambirana musanene kuti amayi analakwa kukhoma kathabwa. Anali ndi masiku ochepa chiikireni amuna awo, ndipo anagwira chimene chinali pafupi. Cholinga chawo chodyetsa abale m'dzina la malemu n'chabwino, ndipo muwauze zimenezo poyamba.

Kenaka muwakumbutse mmene mwiniwake ankachitira. Bambo anu anali munthu wodziwa ntchito yosunga katundu. Shelefu imeneyo sanaipangire kukongoletsa zitini. Anaipanga kuti chakudya chiziyenda, chakale chidyedwe chisanaonongeke, pakhomo pasadzagonenso mwana ndi njala. Pa zaka zawo zonse za ku Limbe, chitini chotupa sakanachipereka kwa wogula, nanji kwa mlongo wawo wa ku Milepa.

Misomaliyo azule okha amayi. Inu muvale mapepala a pulasitiki m'manja, mutulutse zitini mosazigwedeza ndi mosazitsegula, muzimange m'jumbo n'kuzikwirira m'dzenje lakuya kutali ndi chitsime. Musapatse galu, nkhumba kapena nkhuku, ndipo musataye padzala pomwe ana angatole. Ngati amayi akufuna chokumbukira, matulani pepala la chitini chimodzi chouma aliike m'Baibulo mwawo. Shelefuyo muitsuke ndi sopo ndi madzi a klorini, iume padzuwa, ndipo pobwezera muitalikitse ndi khoma. Pansi pa malata yalanipo mphasa kapena makatoni kuti kutentha kuchepe.

Zitini za pamwamba muzione chimodzichimodzi. Zabwino muzilembe mwezi ndi chaka chothera ndi zilembo zazikulu pachivindikiro, popeza tizilembo ta kufakitale amayi sangatione bwino. Muzilowetse motsatana, choyandikira kutha chikhale choyamba. Muwauze a Lloyd kuti ngati akufuna kuthandiza atumize zatsopano mwambo usanafike. Tsiku la chiliza amayi aime pa shelefu ya amuna awo, atulutse zitini pakamwa pa m'munsi monga ankachitira malemu, aphikire alendo. Abale adzadya kuchokera pa ntchito ya manja a m'bale wawo, ndipo adzabwerera ku Milepa ndi miyendo yawo.

Sindikulonjezani kuti amayi avomera msanga. Mwina alira, mwina akhala masiku osakulankhulani. Muwapirire. Koma likafika tsiku la mwambo iwo akukanabe, pamenepo ulemu usakumangeni manja: muwauze amalume ndi amayi ophika poyera, zitinizo muzichotse anthu akuona.

Chenjezo langa ndi ili. Wina akadzadya chakudya cha m'chitini chokayikitsa n'kuyamba kuona zinthu ziwiriziwiri, zikope kulemera, lilime kulemera kapena kuvutika kumeza, kaya patha maola ochepa kaya masiku, musataye nthawi ndi mankhwala a kunyumba kapena kufufuza amene wamulodza. Thamangirani naye kuchipatala cha ku Boma, ndipo munene chimene anadya. Anthu akubwera kudzakumbukira maliro amodzi. Asachoke pakhomo panu atanyamula ena.

Aphungu