Mizere ya Bisera

Lolemba, 5 Meyi

Maso afooka, ndiye akulemba ndi akazi anga a Tsveta, ine ndikungonena. Lembani momwe ndikunenera, mayi a Bisera, osathira mchere.

Mwana wathu Bisera wapanga ufa ku labotale mumzinda wa Skopje. Muli tizilombo tosaoneka ndi maso. Ukapaka mbewu ya nyemba, mizu imapirira ng'amba. M'timiphika take, nyemba zopaka zinabereka pomwe zinzake zinafota. Ine sukulu ndinaisiyira panjira, koma ndabala dokotala wa nthaka. Ndalengeza komwera khofi. Metodi, wa kuseri kwa mpanda wathu, akuti, "Madala, ine nyemba za mumphika ndimadziwa zophika." Nsanje basi.

Lachiwiri, 6 Meyi

Tsiku la Jorji Woyera. Tawotcha kankhosa, Bisera wabwera. Ndamuuza kuti tipaka munda wonse, ndipo anzanga a khofi ndawalonjeza ufa.

Anaika foloko pansi. "Ababa, mwalonjeza chiyani? Dothi la m'timiphika ndinasefa ndekha. Mulibe mphepo, mulibe udzu, madzi ndimathira ndi kapu yoyezera. Kuno dothi n'lamakande, m'mawa kumazizira, ndipo m'nthakamu muli kale tizilombo tina tomwe tingagonjetse tangati. Mwina sizigwira."

Mwina! Kudzichepetsa anatengera mayi ake.

Akufuna ayese kaye m'munda weniweni, mizere ina yopaka, ina yosapaka. Kenako mawu obaya: akayesera m'munda wa Metodi.

Lachitatu, 7 Meyi

Sindinadye.
(Anadya. Tsveta.)

Lachinayi, 8 Meyi

Ndamufunsa Bisera kuti munda wa bambo ake walakwa chiyani.

"Munda ulibe mlandu, ababa, vuto ndinu. Mukaidziwa mizere yanga muziithirira mobisa, manyowa a nkhosa onse athera pomwepo. Zikabereka ndidzadziwa bwanji ngati ndi ufa kapena ndi chikondi chanu? Ndidzanamiza alimi, adzataye mbewu yawo. A Metodi sandikondera."

Ndati ine sindikondera. A Tsveta angoloza galu amene Bisera anatisiyira. Wanenepa mpaka akulephera kukwera pakhonde. Galu wanga ine, nthiti mbee.

Masana Metodi wasuzumira pampanda: "Ndamva sayansi ikusamukira kwanga, madala. Ndikusungirani mpando muzidzaonerera."

Lembani kuti sindinamuyankhe. Zomwe ndinayankhazo musalembe.

Lachisanu, 9 Meyi

Ndaganiza m'mawa wonse ndikusongola mitengo yoyangira nyemba. Mwanayu akunena zoona, ngakhale zikuwawa. Mphika si munda. Ndipo munda wokhala ndi bambo wonga ine nawonso ndi mphika ndithu.

Ndamuitana. Ndati, "Iwe mwana, yesera muno, koma undibise. Mawa ndipita kumsika ku Tetovo. Udzale ndi mayi ako, ine ndisadziwe mzere wako."

Wandifunsa, "Nanga anzanu munawalonjeza aja?"

Ndapita, ndawauza kuti chaka chino ufa kulibe, sunayesedwe panja. Aseka. Wina akuti, "Dokotala wamulanga bambo wake!" Ndawagulira rakiya, kachasu wakuno, kuti pakamwa patanganidwe.

Loweruka, 10 Meyi

Ndabwerera kumsika, ndapeza adzala. Mizere yonse nkhope imodzi, popanda ndi kachingwe komwe. Bisera wakwera basi, wandipsompsona pachipumi. Akudziwa ndi iye ndi amene akulembawa.

Lachitatu, 21 Meyi

Nyemba zamera. Mvula kulibe kuyambira tsiku lodzala.

Ndawafunsa a Tsveta bwinobwino, nditawafululira khofi ndi manja anga. Akuti, "Bambo a Bisera, ine ndine mlembi chabe." Ukwati wa zaka zonsezi, kundimana kamzere kamodzi! Lembani zimenezo. Musaseke, zilembo zikupindika.

Metodi akulumbira kuti mizere yopaka ndi ya kumtunda. Ine ndimati ya pakati. Tatsutsana mpaka khofi kuzizira. Pochoka wafunsa chapansipansi ngati mwanayu angadzayesere kwake chaka chamawa, poti dothi lake n'lamchenga. Ndati ndimunenera.

Madzulo ndatenga keni yothirira. Bisera anati mzere uliwonse muyeso umodzi. Mzere wa m'mbali mwa mpanda ndi wofooka, timasamba tachikasu. Ndinaima pamenepo, madzi otsala akulemera m'manja. Mwina ndi wa mwana wanga.

Ndaupatsa muyeso wake, n'kupita pa wotsatira.